Dambwe la pa Great Queen Street

Uthenga unalowa pafoni cha m'ma 10 koloko usiku: mawa kuli ganyu, kuyamba 3 koloko masana mpaka pakati pa usiku, malaya oyera, thalauza lakuda, nsapato zopolisha. Malo ake 60 Great Queen Street. Ndinavomera ndisanafunse kuti kumeneko n'kwa yani, pakuti mwezi umenewo lendi inali itandigwira pakhosi. Kutacha, mnzanga wa ku Ntcheu amene tinkathamanga naye maganyu operekera zakudya m'maphwando a mu London anandiimbira.

"Achimwene, adiresi ija mwaiona bwinobwino?"

"Ndaiona."

"Ndi kwa ma Freemason kumene kuja. Ine toto. Ndili ndi ana ang'onoang'ono ine."

Sindinamuseke, chifukwa zimene zinali m'mutu mwake zinalinso m'mutu mwanga. Kwathu dzina limeneli timalitchula motsitsa mawu. Munthu akagula galimoto zitatu chaka chimodzi, kenako mwana wake n'kudwala mosadziwika bwino, mlandu umatha msanga: anakhwima, analowa za Satanic, ndi wa Freemason. Zitatuzi timaziponya m'thumba limodzi n'kumanga kukamwa. Palibe anandiuzapo kuti anamuona wa Freemason ndi maso ake, koma aliyense ankadziwa zimene amachita usiku. Ine ndinapitabe, ngakhale ndisananyamuke ndinawerenga Salimo 91 lonse, ndipo sindichita manyazi kunena.

Ukatuluka pa siteshoni ya Holborn n'kutsika ndi msewu wa Kingsway, umakhotera kumanja. Poyamba nyumbayo siionetsa kukula kwake. Umangoyenda m'mbali mwa chipupa cha miyala yotuwa, kuyenda, kuyenda, chipupa osatha, mpaka pamphambano pamene chimakathera mu nsanja yaitali yoyang'ana cha ku Covent Garden. Pansi pa nsanjayo pali chitseko chachikulu chimene satsegula wamba. Ife a mathireyi tinalowera khomo lina. Usiku wonse ndinazungulira ndi matambula a vinyo pakati pa anthu a kampani ina imene inachita lendi malowo, maso ali m'makona. Wa Freemason sindinamuone ndi mmodzi yemwe. Ndinaona mabwana a maakaunti atakhuta vinyo, akuvina zosagwirizana ndi nyimbo.

M'basi pobwerera funso linandikakamira: nyumba ya chinsinsi imabwereketsa bwanji zipinda zake kwa aliyense amene ali ndi ndalama? Patapita masabata awiri ndinabwererako masana, wopanda thireyi. Muli malo osungirako zinthu zakale amene amalowa aliyense osalipira, ndipo alendo amawayendetsa m'katimo. Kuchokera apo ndapitako kangapo. Ndinapeza kuti za lendizi sizinayambe dzulo. Zinayamba pamodzi ndi nyumbayo, ndipo ndi kudzera mu lendi imeneyi mmene malo amenewa anakhudzira dziko lathu.

Mason ndi mmisiri womanga ndi miyala. Loji poyamba chinali chisakasa chimene amisiri ankazika pambali pa tchalitchi kapena linga limene akumanga, mosungira zida, modyera, mophunzitsira anyamata ntchito. (Kwathu loji ndi kogona alendo, ndiye musadabwe mukamva kuti bambo wina wa ku England amapita ku loji madzulo mkazi wake akudziwa, mwinanso atamusitira yekha malaya.) M'zaka za m'ma 1600, ku Scotland ndi ku England, magulu amenewa anayamba kulandira anthu amene sanasemepo mwala: amalonda, eni minda, anthu ophunzira. Zida zija zinasanduka zophiphiritsa. Sikweya ikunena za kuchita zinthu molungama, levulo ikuti anthu n'ngofanana, kampasi ikuti munthu azidziikira malire, epuloni ya chikopa cha nkhosa ikukumbutsa kuti onse ndi antchito. Mbiri yawo imati pa 24 Juni 1717 maloji anayi a mu London anakumana pa bala ina yotchedwa Goose and Gridiron, pafupi ndi tchalitchi cha St Paul's, n'kukhazikitsa loji yaikulu yoyang'anira enawo. Kwa zaka zoposa 50 analibe pawo. Ankangokhalira kubwereka zipinda zapamwamba za mabala.

Atatopa ndi kuyendayenda anagula nyumba pa Great Queen Street yokhala ndi bwalo kuseri. Mwala wa maziko anauika mu 1775, ndipo pa 23 Meyi 1776 anatsegulira holo yawo yoyamba, imene anailemba pulani Thomas Sandby. Nyumba ya kumsewu ija inakhala malo odyera ndi kumwera, Freemasons' Tavern, holo ili kumbuyo kwake.

Mmene anapezera ndalama zinandiseketsa, chifukwa zinandikumbutsa chipereganyu cha amayi anga, kungoti ichi chinali ndi mano. Anagulitsa magawo 100, lililonse mapaundi 50, kuti apeze mapaundi 5,000. Wogula gawo ankatchula dzina la munthu mmodzi, kawirikawiri mwana, ndipo chaka chilichonse ankalandira chiwongoladzanja malinga ngati munthu wotchulidwayo ali moyo. Akamwalira, gawo lake la chiwongoladzanja ankagawana otsala. Maliro akamachuluka, otsala akumalandira zambiri. Ndondomekoyi inatenga zaka zoposa 80 kuti womaliza amwalire, ngongole ithe. Kukanakhala kwathu, wotsala yekhayo akanamuwotchera nyumba kalekale. Komabe ndalamazo sizinakwane. Anabwerekanso kwa mamembala, ndipo kuti abweze anayamba kubwereketsa holo ija kwa oimba, kwa a madyerero, kwa mabungwe ofuna pochitira misonkhano. London wa nthawi imeneyo analibe maholo akuluakulu ambiri amene sanali a mpingo kapena a mfumu. Wokhala ndi nkhani yofuna anthu mazanamazana ankalowera ku Great Queen Street.

Mndandanda wa amene anachitapo lendi ndinauwerenga kawiri. Bungwe lofalitsa Baibulo la British and Foreign Bible Society linkachitira momwemo misonkhano yake ya pachaka. Mu Ogasiti 1846 atsogoleri a mipingo oposa 800 ochokera ku Britain, ku America ndi maiko ena a ku Ulaya anasonkhana mu Freemasons' Hall n'kuyambitsa Evangelical Alliance, kholo la mabungwe a chievanjeliko amene ali m'maiko ambiri lero. Anapemphera, anaimba, kenako anakangana koopsa pa nkhani yoti kodi Mkhristu wosunga akapolo angaloledwe kukhala membala, mpaka maganizo okhala ndi bungwe limodzi la dziko lonse anasweka, dziko lililonse n'kukapanga lake. Ndinaganiza za abusa ena amene ndinawamvapo akumanga ndi kumasula mizimu ya ma Freemason usiku wonse. Sindikudziwa kuti akanakhala pampando uti tsiku limenelo, koma mapemphero oyamba a gulu lawo anakwera kumwamba kudzera padenga la anthu omwewo.

Zaka zisanu ndi chimodzi izi zisanachitike, mu Juni 1840, holo yomweyo inalandira msonkhano waukulu wa dziko lonse wolimbana ndi ukapolo. Thomas Clarkson, nkhalamba ya zaka 80 imene inathera moyo wake pa nkhondo imeneyi, ndiye anautsegulira. Chithunzi chachikulu cha msonkhanowo chimene anajambula Benjamin Robert Haydon chili ku National Portrait Gallery, ndipo kutsogolo kwenikweni kuli munthu wakuda, Henry Beckford wa ku Jamaica, amene anabadwira mu ukapolo. Tsiku loyamba lonse linathera pa kukangana ngati amayi amene anachokera ku America ngati nthumwi angakhale pansi pamodzi ndi amuna. Anawakana. Anthu osonkhanira ufulu wa anthu anawauza amayi kuti akhale pambali, amve, asayankhule. Amayi awiri amene analipo, Lucretia Mott ndi Elizabeth Cady Stanton, anadziwana pomwepo, ndipo mu 1848 anaitanitsa msonkhano wa ufulu wa amayi ku Seneca Falls, ku America. M'zaka zomwezo za m'ma 1840 Jumbe woyamba anali akukhazikika ku Nkhotakota, ngalawa zake zikuyamba kuwolotsa anthu athu kupita ku Kilwa. A mu holo muja maso awo anali ku America ndi ku zilumba za Caribbean. Za nyanja yathu anali asanazimve.

Anadzazimva kudzera mwa munthu amene anamudyetsa mgonero pamalo pomwepa.

Linali Loweruka, pa 13 Febuluwale 1858. David Livingstone anali atabwerako ku ulendo wake wodutsa Africa kuchoka ku Luanda kukafika ku Quelimane, dzina lake lili pakamwa pa aliyense. Boma linali litamupatsa udindo wa kazembe ku Quelimane ndi mapaundi 5,000 oti akafufuze mtsinje wa Zambezi. Masana a tsikulo anakaonana ndi Mfumukazi Victoria. Madzulo anthu oposa 300 anakhala pa matebulo ku Freemasons' Tavern kumutsanzika, wapampando ali Sir Roderick Murchison, mkulu wa Royal Geographical Society. Panali nduna, mabishopu, akatswiri a sayansi, akazembe a maiko. Phwandolo silinali la ma Freemason. Malowo anangobwerekedwa, monga anabwerekera anthu a maakaunti aja.

Ine amene ndaperekerapo zakudya m'maphwando otere ndimauona usiku umenewo kuchokera kumbali ya khitchini. Ndikudziwa mmene phokoso limakwerera vinyo akafika botolo lachitatu, mmene wolankhula aliyense amaonjezera pa zimene wanena mnzake, mmene chinthu chovuta chimaonekera chapafupi mimba ikakhuta. Chimene ankawombera m'manja chinali chakuti Zambezi ndi msewu umene Mulungu anaika kuti malonda ndi Chikhristu zilowere pakati pa Africa. Anthu akumeneko adzalima thonje, sitima zidzalitsitsa kunyanja, mafakitale a ku Lancashire adzasiya kudalira thonje lolimidwa ndi akapolo ku America, ndipo malonda a akapolo adzafa okha. Livingstone anayamikira mkazi wake Mary pamaso pa onse, kuti amadziwa zilankhulo za kummwera kwa Africa, ndi wopirira, ndipo adzamuthandiza kwambiri paulendowo. Mwa onse owomba m'manjawo panalibe anafunsa a Mang'anja, amene anali akulima ndi kuluka thonje lawo kale, ngati akufuna alendo.

Ananyamuka ku Liverpool mu Malichi chaka chomwecho. Pofika kumapeto kwa chaka, msewu wa Mulungu uja unapezeka kuti uli ndi mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa, amene Livingstone anawalambalala pa ulendo wake woyamba osawaona bwino. Kasitima kawo, Ma Robert, sikakanatha kukwera. Munthu amene anatsanzikidwa ndi nduna ndi mabishopu sakanabwerera chimanjamanja, ndiye anakhotera mu Shire. Mu Januwale 1859 anakafika pa mathithi ena, kumtunda kwa Chikwawa, n'kuwatcha dzina la wapampando wa mgonero uja, Murchison. Ndi mathithi omwewa a Kapichira, Tedzani ndi Nkula amene amatipatsa magetsi. Mu Epulo anaona nyanja ya Chilwa, mu Sepitembala anafika pa nyanja yaikulu. Zotsatira zake tinaziloweza ku pulayimale: amishoni a UMCA ku Magomero mu 1861, imfa ya Bishopu Mackenzie mu Januwale 1862, Livingstonia mu 1875, Blantyre mu 1876, ulamuliro wa Britain mu 1891. Mary, amene anamuwombera m'manja usiku uja, anamwalira ndi malungo ku Shupanga pa 27 Epulo 1862, ndipo manda ake ali konko m'mbali mwa Zambezi.

Sindikunena kuti Malawi anabadwira pa tebulo la ku Great Queen Street. Koma ndinakula ndikuopa zimene anthu amachita m'zipinda zokhoma za nyumba ngati iyi, pamene chimene chinasintha mudzi wa agogo anga chinachitikira m'chipinda chotsegula, atolankhani ali pomwepo akulemba, mawa lake n'kutuluka m'nyuzipepala. Panalibe mwambo wa usiku, panalibe magazi. Panali nyama yowotcha, malankhulidwe ndi mapu olakwika.

Zaka zisanu pambuyo pake, m'chipinda china cha bala yomweyo, munachitika kanthu kena kamene kanatifika m'magazi kuposa thonje la Livingstone. Lolemba madzulo, pa 26 Okutobala 1863, nthumwi za makalabu ndi masukulu 11 a mu London zinakumana kuti zigwirizane malamulo a mpira, popeza aliyense ankasewera mwake ndipo matimu akakumana theka la nthawi linkathera pa kukangana. Anayambitsa Football Association. Loya wina, Ebenezer Cobb Morley, ndiye analemba malamulo 13 oyamba. Anakumana kasanu ndi kamodzi mpaka Disembala, ndipo mkangano waukulu unali pa zinthu ziwiri: kuthamanga mpira uli m'manja, ndi kumenya mnzako theche pa msongolo. Wa kalabu ya Blackheath anaumirira kuti kumenya msongolo ndiye chamuna cha masewerowo. Atagonja pa voti anatuluka, ndipo njira yawoyo inakathera ku rugby. Mpira wa 1863 mukanauona simukanauzindikira. Magolo analibe mtengo wopingasa pamwamba, za goloboyi sizinatchulidwe, ndipo wosewera ankaloledwa kuwakha mpira wa m'mwamba ndi manja. Koma ndi umenewu unakula n'kudzafika pa bwalo la fumbi la kusukulu kwathu, pamene tinkamenya chikulunga cha mapepala a pulasitiki mpaka mdima, ndi ku Kamuzu Stadium tsiku la Bullets ndi Manoma. Bala ija inagwetsedwa n'kumangidwanso, ndipo kuyambira 1909 malowo amatchedwa Connaught Rooms. Pakhoma pake pali chikwangwani chokumbutsa za tsikulo. Mnzanga wa ku Ntcheu uja salephera kuonera Arsenal ngakhale atadwala. Nditamuuza kumene mpira unabadwira anati ndisamuyambe.

Nyumba imene ilipo lero ndi yachitatu pamalopo. Holo ya Sandby anaiwonjezera John Soane m'ma 1820, Frederick Pepys Cockerell anamanganso zambiri m'ma 1860, moto unaiwononga mu 1883, anaikonza, kenako anaigwetsa kuti ipatse malo chimphona chimene chilipochi. Chimphonachi chinabadwa ndi maliro. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ma Freemason a ku England oposa 3,000 anafera kunkhondo. Mu 1919 mkulu wa gulu lonse, Duke of Connaught, mwana wa Mfumukazi Victoria, anapempha mamembala kuti asonkhe mapaundi 1 miliyoni amange nyumba yowakumbukira. Wopereka magini khumi (gini inali ndalama yoposa paundi pang'ono) ankalandira mendulo ya siliva, wopereka 100 ya golide, ndipo maloji amene anakwanitsa mlingo wawo, oposa 1,300, mayina awo anazokotedwa pa zipupa za m'katimo. Aliyense amene anakhalapo mu komiti yomanga tchalitchi akudziwa mphamvu ya kuwerenga mayina a opereka pagulu.

Mu Ogasiti 1925 anakonza nkhomaliro yosonkhetsa ndalama ku Olympia, anthu oposa 7,000 kudya nthawi imodzi. Wotiyendetsa atanena nambala imeneyi alendo anzanga anati "wow", ine miyendo inandiwawa. Ndinaganiza za amene ananyamula mbale 7,000 za supu, kubwerera, kunyamula 7,000 za nsomba, kubwerera. Pakutha pa nkhomaliroyo analengeza kuti thumba lapitirira mapaundi 800,000. Pa mpikisano wa mapulani, umene woweruza wake wamkulu anali Edwin Lutyens, anapambana H. V. Ashley ndi Winton Newman. Mwala wa maziko anauika pa 14 Julayi 1927 m'njira yodzionetsera ndithu: Duke ali ku Royal Albert Hall pamaso pa khamu la mamembala, anatsitsa mwala wofanizira, ndipo nthambo za magetsi zinachititsa kuti mwala weniweni utsike nthawi yomweyo ku Great Queen Street. Anatsegulira mu Julayi 1933 ndi dzina loti Masonic Peace Memorial, chikumbutso cha mtendere. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi nkhondo ina inabuka, dzina la mtendere lija linachititsa manyazi, n'kubwerera ku lakale, Freemasons' Hall.

M'kati mwake ndi mokongola, ndisaname. Nyumbayo yakhala pa maekala awiri ndi kota, mafupa ake ndi achitsulo, kunja anakuta ndi miyala ya ku Portland. Pakati pake pali holo yaikulu yokhala anthu pafupifupi 1,700. Zitseko zake ziwiri n'zamkuwa, chilichonse cholemera kuposa tani imodzi, koma anazikoleka mwaluso moti wotiyendetsa anandiuza kuti ndikankhe ndi chala chimodzi, ndipo chinayenda. Amisiri enieni analipo apa. Kudenga kuli zithunzi za timiyala tating'onoting'ono tomata: Solomo ndi Hiramu, makwerero a Yakobo, Euclid ndi Pythagoras. Kuli limba lalikulu la mapaipi. Kwina kuli zipinda za maloji zoposa 20, chilichonse ndi kamangidwe kake, pansi pali mabokosi akuda ndi oyera ngati bolodi la drafuti. M'malo osungira zakale muli mpando waukulu wopaka golide umene anapangira Prince of Wales mu 1791, waukulu moti munthu wamba atakhalapo miyendo ingalendewere, ndi epuloni ya Winston Churchill.

Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa bokosi la mkuwa lili pansi pa zenera la magalasi amitundumitundu. M'bokosimo muli mpukutu wa mayina a onse anafera kunkhondo aja, ndipo amaupukusa kuti mayina azioneka pagalasi. Aliyense dzina lake, loji yake. Agogo awo a amayi anga anagwidwa pa nkhondo yomweyo kukanyamula katundu wa asilikali, mtengatenga, kulowera kumpoto kumalire ndi dziko la Ajeremani. Amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anasenza nkhondo imeneyo pamutu, ndipo ambiri anatsala m'njira ndi kamwazi ndi njala. John Chilembwe analemba kalata yodandaula za magazi a anthu akuda pa nkhondo ya eni ake mu 1914, miyezi yochepa asanaukire. Nsanja ya ku Zomba ili ndi mayina a asilikali a KAR. A mtengatenga ambiri alibe polembedwa. Sindinawakwiyire ma Freemason chifukwa cholemba anthu awo. Ndinachita nsanje.

Tsono za chinsinsi. Pa chizindikiro cha gulu lawo pali mawu atatu a Chilatini, Audi, Vide, Tace: imva, ona, khala chete. Nditawamasulira ndinaseka ndekha, chifukwa mawu amenewa ndinawamva kale m'Chichewa. Zakudambwe saulula. Ine ndinakulira mu CCAP, bambo anga anali mkulu wa mpingo, koma malume anga a ku Dedza anagula njira ali mnyamata ndipo mpaka lero ndi munthu wa gule. Gulu la amuna okhaokha, lolowa ndi mwambo, lokhala ndi mawu ake odziwirana, malo ake oletsedwa kwa osalowa, ndi udindo waukulu pa maliro. Amishoni a ku Nkhoma ndi a ku Mua analimbana nalo kwa zaka zambiri akuti ndi la ziwanda. Mu 2005 UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu ngati chuma cha anthu onse. Sindikuti ziwirizi n'chimodzi. Gule amatuluka pabwalo, mudzi wonse n'kuona, amayi n'kuimbira, pamene a epuloni zawo zimathera m'chipinda. Koma ife amene mwambo wathu unatchedwa wa Satana ndi alendo amene sanaumvetse, tinafulumira bwanji kubweza mawu omwewo?

Chinsinsi chawonso n'chobooka ngati dengu. Miyambo yawo inayamba kusindikizidwa m'mabuku ndi anthu otuluka m'gululo kale m'ma 1700. Wolowa kumene amamumanga kumaso, amapinda mwendo umodzi wa thalauza, amalumbira pa Baibulo kapena buku lopatulika la chipembedzo chake, amaphunzira moni wa padzanja ndi mawu achizindikiro, ndipo amakwera masitepe atatu. Ayenera kukhulupirira kuti kuli Mlengi, ndipo za ndale ndi za chipembedzo saloledwa kukambirana mu loji. Mu 1799, boma la Britain litaletsa magulu olumbiritsa anthu mwachinsinsi poopa zimene zinachitika ku France, ma Freemason anawasiya, koma loji iliyonse inkayenera kupereka mayina a mamembala ake kwa akuluakulu a boma chaka ndi chaka, mpaka 1967. Gulu lachinsinsi lopereka kaundula ku boma kwa zaka 168.

Apa ndisawayeretse mopitirira. Mpingo wa Katolika unaletsa anthu ake kulowa gululi kuyambira 1738 ndipo sunasinthe, ndi zifukwa zake za chiphunzitso zimene munthu angazilemekeze. Angerezi eni ake amawakayikira, koma pa chifukwa china, osati magazi: kukonderana. Wapolisi, woweruza ndi wabizinesi akamadyera tebulo limodzi mwezi ndi mwezi atalumbira kuti ndi abale, mlandu wa mmodzi ukafika pa desiki ya mnzake zimatha bwanji? Ku Italy loji ya P2 inapezeka mu 1981 ili ndi nduna, akuluakulu a asilikali ndi eni mabanki pa mndandanda wake, boma mpaka kugwa, ndipo chaka chotsatira mmodzi wa iwo, Roberto Calvi, anapezeka atapachikika pansi pa mlatho wa Blackfriars, mtunda woyenda pansi kuchokera pa holoyi. Ku Britain kuyambira 1998 mpaka 2009 oweruza atsopano ankafunsidwa kuti aulule ngati ali mamembala. Mantha amenewa ndimawamva bwino, chifukwa matendawa ndimawadziwa. Kwathu safuna epuloni. Amangofuna kuti ukhale wa kwawo kwa bwana, kapena wa mpingo wake, kapena wa chipani.

Ndipo ubale wawo unali ndi mpanda. Amayi salowa, anachita kuyambitsa magulu awoawo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Malamulo akale ankati wolowa akhale wobadwa mfulu, ndiye kuti wobadwira mu ukapolo, ngati Henry Beckford wa pachithunzi uja, akanatha kuyankhula mu holo yawo koma osalowa loji yawo. Mawuwo anawasintha mu 1847 kuti akhale munthu amene ali mfulu. Komabe ndi loji yaikulu yomweyi ya ku London imene mu 1784 inapereka chikalata kwa Prince Hall ndi anzake akuda a ku Boston, azungu a kwawo atawakana, ndipo maloji a anthu akuda a ku America amene anaphuka pamenepo anadzakhala ndi anthu ngati Thurgood Marshall, woweruza woyamba wakuda wa khoti lalikulu la dzikolo. Cecil Rhodes nayenso anali membala, analowera ku Oxford. Koma maiko amene anameza sanawameze ndi moni wa padzanja. Anali ndi chikalata cha Mfumukazi cha 1889, chosindikizidwa poyera, ndi mfuti za Maxim.

Amayi sindinawauze kuti ndinagwirako ganyu kumeneko, ndipo amene muwerenge izi mukawadziwa, chonde. Malume ndiwo ndinawauza, pa foni ya mwana wawo, Lamlungu lina madzulo.

"Ndiye amavala chiyani anthu akowo, mphwanga?"

"Epuloni, malume, ndi magolovesi oyera."

"Akazi amalowa?"

"Salowa."

"Wolowa kumene amamutani?"

"Amamumanga kumaso."

Anangoti "mmm", ndipo ine sindinafunse zambiri, pakuti njira sindinagule. Kenako anafunsa ngati mnzawo akamwalira amamulira. Ndinawauza za mayina oposa 3,000 a mu bokosi la mkuwa, ndi kuti nyumba yonseyo, nsanja, zitseko, limba, ndi chiliza cha anthu amenewo.

"Chiliza? Chachikulu bwanji?"

"Maekala awiri ndi kota."

Foni inakhala zii mpaka ndinayesa netiweki yadula.

"Simenti inalowa yambiri pamenepo," anatero. Atatero anandifunsa ngati chaka chino ndiwathandizeko matumba awiri a fetereza, poti mvula yayandikira.